Ukhondo ndi ubwino wa malole opatsidwa kwa madalaivala atsopano m'minda ya tiyi ya ku Thyolo

Ukhondo ndi ubwino wa lole yopatsidwa kwa dalaivala watsopano ndi miyezo imene galimoto yonyamula katundu iyenera kukwaniritsa pa tsiku limene mwini wake akuipereka m'manja mwa munthu amene wangolembedwa kumene ntchito. M'minda ikuluikulu ya tiyi ya m'boma la Thyolo, imene anthu amaitchula kuti maesiteti, nkhaniyi imakhudza zinthu ziwiri. Choyamba ndi tiyi weniweniyo, amene sachedwa kutenga fungo ndi chinyontho kuchokera m'galimoto imene yamunyamula. Chachiwiri ndi dalaivalayo, popeza chilichonse chimene chinali chowonongeka kale pa lole, chikapanda kulembedwa pa tsiku lolandira, chimadzawerengedwa ngati wawononga ndi iye.

Miyezoyi siichokera m'buku limodzi. Ina ili m'malamulo a pamsewu a dziko la Malawi, ina imachokera ku malamulo a ukhondo wa zakudya amene ogula tiyi akunja amaumirira, ndipo ina ndi dongosolo limene kampani iliyonse imadziikira pagalaja yake.

Maesiteti a ku Thyolo ndi galimoto zake

Ulimi wa tiyi wogulitsa unayambira ku Mulanje m'chaka cha 1891 ndipo unafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Lero maboma awiriwa ndiwo amalima tiyi wochuluka m'Malawi. Ena mwa maesiteti odziwika ku Thyolo ndi Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923, Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima, Zoa, ndi minda ya kampani ya Eastern Produce Malawi monga Makwasa. Palinso alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti, monga a m'bungwe la Msuwadzi. Makampani a tiyi ali ndi bungwe lawo lotchedwa Tea Association of Malawi, ndipo msika wa okushoni wa tiyi uli ku Limbe.

Galimoto za pa esiteti zimagwira ntchito zosiyanasiyana. Mathirakitala okoka ngolo ndi malole apakatikati amatenga masamba aawisi pamalo oyezera sikelo n'kupita nawo kufakitale. Malole akuluakulu amatenga tiyi wopangidwa kale kupita naye kumalo osungira katundu ku Limbe ndi ku Blantyre kudzera mumsewu wa M2, ndipo kuchokera kumeneko tiyi amapita ku madoko a Beira, Nacala kapena Durban. Koma esiteti imafunanso kunyamula nkhuni za bulugamu zosonkhezera moto kufakitale, feteleza, mankhwala a m'munda, mafuta a dizilo, mtedza wa makademiya, khofi, mchenga wokonzera misewu, ndiponso nthawi zina anthu ogwira ntchito. Vuto la ukhondo limayambira pamenepa: galimoto ndi zochepa poyerekeza ndi ntchito, choncho lole imene inanyamula feteleza Lachiwiri ikhoza kuitanidwa kukatenga masamba Lachitatu.

Chifukwa chake tiyi safuna galimoto yauve

Tsamba la tiyi likathyoledwa silifa nthawi yomweyo. Limapitiriza kupuma ndipo limatulutsa kutentha. Masamba akapanikizidwa m'matumba othinana kapena akaunjikidwa kwambiri m'bodi ya lole, kutenthako sikupeza potulukira. Kukafika cha m'ma digiri 40, masamba amayamba kufiira ngati opsa, ndipo tiyi wochokera ku masamba otere amakhala wopanda mphamvu ndi wosakoma. Tsamba lotekedwa kapena lopondedwa nalonso limayamba kusintha mtundu lisanafike nthawi yake, chifukwa kusinthako kumayenera kuchitikira m'fakitale, pamene kutentha ndi mpweya zimayezedwa. N'chifukwa chake galimoto yonyamula masamba imayenera kukhala yolowa mphepo bwino, ndipo ina imakhala ndi mashelefu kapena zokolowekapo matumba kuti asatsamirane. Zitsulo zimenezi zikathyoka kapena zikachita dzimbiri, lole imanyamula masamba molakwika ngakhale dalaivala atakhala waluso bwanji.

Nthawi nayonso ndi mbali ya ubwino wa galimoto. Mafakitale amafuna masamba afike patangopita maola ochepa chiwathyolereni. Lole imene imazima pachitunda, kapena imene siilira m'mawa mpaka anthu ataikankha, imawononga tiyi mofanana ndi lole yauve. Pamafunika makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi, kapena kupitirira pang'ono, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Lole imodzi ya masamba opsa ndi ntchito ya tsiku lonse ya anthu ambiri othyola, ndipo ngati masambawo ndi a alimi ang'onoang'ono, kukanidwa kwake pakhomo la fakitale kumabutsa mkangano wa yemwe ayenera kuluza.

Tiyi wouma ali ndi vuto lina. Potuluka mu makina oumitsira amakhala ndi chinyontho cha pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse, ndipo amayamwa madzi ndi fungo lililonse lomwe lili pafupi. Aliyense amene anasungapo masamba a tiyi pashelefu imodzi ndi sopo kapena palafini amadziwa zimenezi. Fungo la dizilo, la oyilo, la feteleza, la mankhwala ophera tizilombo, la nsomba zouma, la fodya kapena la penti yatsopano limalowa mu tiyi ndipo silichoka. Akatswiri olawa tiyi asanagulitsidwe amalizindikira ngakhale litakhala lochepa, ndipo tiyi wotere amatsika mtengo kapena kubwezedwa. Matumba a tiyi amapangidwa ndi mapepala angapo ophatikizana okhala ndi nsalu yopyapyala ya aluminiyamu mkati kuti atchinge mpweya, koma msomali umodzi wotuluka pathabwa la bodi umakwanira kuboola thumba.

Malangizo a ukhondo wa zakudya a bungwe la Codex Alimentarius, amene anayamba kutuluka mu 1969, amanena kuti chonyamulira chakudya chisamaipitse chakudyacho, chizitheka kutsukidwa, ndipo chizitsukidwa pakati pa katundu wina ndi mnzake ngati chimanyamulanso zinthu zosadyedwa. Mafakitale amene amatsata ndondomeko ya HACCP kapena ya ISO 22000 amaiwerenga galimoto ngati malo amodzi amene chakudya chingaipitsidwirepo, ndipo oyendera akabwera amafuna kuona zolembedwa zosonyeza kuti inayang'anidwa isanapakiridwe. Kunoko bungwe loona za miyezo ya katundu ndi Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Maesiteti ambiri alinso ndi ziphaso za mabungwe monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade, amene amayang'ana kasungidwe ndi kanyamulidwe ka mankhwala a m'munda komanso chitetezo cha antchito.

Kunena mwachidule za bodi ya lole: pansi pakhale posesedwa, pouma, popanda madontho a oyilo, timibulu ta feteleza, ndowe, magalasi osweka kapena tizitsulo. Tenti yofundira ikhale yosang'ambika ndi yosanunkha nkhungu. Zigubu za dizilo ndi tayala la sipeya zisagone pamodzi ndi tiyi. Paipi yotulutsa utsi isaloze kumene kuli katundu. Kutsuka ndi sopo wonunkhira kumaletsedwa m'malo ambiri osamalira zakudya, chifukwa fungo labwino nalonso ndi fungo. Ndipo lole yotsukidwa ndi madzi iyenera kuuma isanapakiridwe, chinthu chovuta m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chimakuta mapiri a Thyolo masiku angapo motsatizana.

Zimene lamulo la pamsewu limafuna

Lamulo lalikulu ndi Road Traffic Act la 1997, ndipo nthambi yoliyang'anira ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoitchula kuti Road Traffic. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa boma iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda, chodziwika ndi dzina loti COF, komanso inshuwalansi. Lamuloli limaletsa kuyendetsa galimoto yosayenera pamsewu, ndipo udindo umagwera mwini wake ndi woyendetsa yemwe. Apolisi a pamsewu akaimitsa lole pa Bvumbwe, amene amayankha mafunso ndi dalaivala, osati mkulu wa galaja.

Laisensi ya dalaivala iyenera kugwirizana ndi kulemera kwa galimoto. Malawi amatsata magulu a laisensi ofanana ndi a maiko ena a SADC: gulu la C1 ndi la malole olemera kupitirira makilogalamu 3,500 koma osaposa 16,000, gulu la C ndi la oposa pamenepo, ndipo EC ndi la malole aakulu okoka thilela. Woyendetsa galimoto yonyamula katundu ngati ntchito amafunikanso chilolezo chapadera chotchedwa PrDP.

COF imangonena mmene galimoto inalili pa tsiku limene inayezedwa. Miyezi itatu ya m'misewu yafumbi ya m'minda, yokwera ndi yotsika, imatha kudya matayala ndi mabuleki chiphaso chikadali chatsopano pagalasi. Chifukwa cha ichi makampani osamala amayezanso lole pagalaja yawo asanaipereke kwa munthu wina. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limawonjezera udindo wina: olemba ntchito ayenera kupereka zipangizo ndi malo ogwirira ntchito osaika moyo wa wantchito pachiswe, ndipo malo ogwirira ntchito a dalaivala ndi lole yomweyo.

Tsiku lolandira lole

Pamene dongosolo likutsatidwa bwino, dalaivala watsopano, makaniko ndi mkulu wa zamtengatenga amaizungulira lole limodzi, injini isanalizidwe, ali ndi pepala m'manja. Amayamba n'kuyang'ana pansi pomwe lole inagona, chifukwa dontho la oyilo, la dizilo kapena la madzi limaoneka bwino padothi m'mawa. Kenako amayeza oyilo wa injini, madzi oziziritsa, mafuta a mabuleki ndi a chiwongolero, n'kuona ngati batire lamangidwa bwino.

Matayala amatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse, ndipo pali chifukwa chake. Amaona kuya kwa mano, ming'alu ya m'mbali, zotupa, mpweya, ndi mitedza yomangira gudumu ngati ilipo yonse. Pa magudumu a kumbuyo ophatikizana amasuzumira la mkati, limene kawirikawiri limabisa vuto, n'kuchotsa miyala yopanikizika pakati. Makampani ena amalemba nambala ya tayala lililonse ndi ya batire. Zinthu ziwirizi, pamodzi ndi dizilo, ndizo zimene madalaivala amaganiziridwa kawirikawiri kuti asinthanitsa kapena agulitsa, ndiye nambala yolembedwa imateteza kampani ndi dalaivala mofanana.

Mabuleki ndiwo nkhani ya moyo. Thyolo ndi dera la zitunda ndi zigwa, ndipo dothi lake lofiira limaterera kwambiri mvula ikagwa. Malole aakulu amagwiritsa ntchito mabuleki a mpweya: injini ikalira, geji iyenera kukwera mpaka pamlingo wake popanda kuchedwa, ndipo ikazimitsidwa mpweya usamveke ukuthawa. Matanki a mpweya amasonkhanitsa madzi amene amayenera kukhetsedwa. Handibuleki imayesedwa pamalo otsetsereka. Dalaivala wozolowera lole yake amadziwa kuti imakokera kumanzere akaponda buleki, kapena kuti giya yachiwiri imadumpha, ndipo amayendetsa mozemba mavutowo. Watsopano sadziwa zimenezi. Amazitulukira ali pamtsetse ndi katundu kumbuyo. Lole imene mwini wake wakale ankati ilibe vuto ikhoza kukhala msampha kwa womulowa m'malo.

Zotsala zimayenda msanga: nyali zonse, maindiketa, hutala, mawaipa, magalasi oonera kumbuyo, lamba wa pampando, zitseko, masipuling'i, ndi zida monga jeke, sipanala ya magudumu, chozimira moto ndi zikwangwani zofiira za makona atatu zoika pamsewu galimoto ikafa. Amalemba makilomita amene lole yayenda ndi kuchuluka kwa dizilo m'thanki. Paliponse pamene pali pophwanyika, pokalika kapena galasi long'aluka amalembapo, ndipo masiku ano ambiri amajambula zithunzi ndi foni. Pomaliza onse amasainira, dalaivala n'kutenga pepala lakelake.

Kutsogolo kumene amakhala dalaivala, kumene ambiri amangoti kuhedi, kumaiwalika kawirikawiri chifukwa sikukhudza tiyi. Komabe m'nyengo ya masamba ambiri munthu amakhalamo kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo woyenda maulendo ataliatali amadyeramo ndi kugonamo. Botolo lotayidwa pansi likhoza kugubuduka n'kulowa kunsi kwa buleki. Galasi lakutsogolo lodetsedwa ndi mafuta limachititsa khungu dzuwa likamatuluka kapena m'chifunga. Mpando wong'ambika umasunga nsikidzi ndi nthata, ndipo pansi pobooka pamalowetsa utsi wa injini umene umagonetsa munthu tulo. Kupatsa munthu hedi yodzaza ndi makoko a mtedza, zitsononkho ndi nsanza za oyilo za amene analipo kale kumamuuzanso kanthu kena za mmene kampani ikumuonera, ndipo n'zovuta kudzamufunsa mawa kuti azisamala galimoto imene anailandira chotero.

Lole yakale kwa munthu watsopano

M'makampani onyamula katundu a m'maiko ambiri muli chizolowezi choti lole yatsopano imapita kwa dalaivala wakale, ndipo wobwera kumene amalandira imene ena onse aikana. Eni galimoto amati n'kwanzeru kuyesera munthu pa galimoto yotsika mtengo, popeza ngozi zazing'ono zimachuluka m'miyezi yoyamba. Mfundoyo ili ndi nzeru yake. Vuto lake ndi loti imaphatikiza munthu wosadziwa misewu ya m'mindamo ndi galimoto imene imafuna luso lalikulu. Ukale wa lole pawokha si mlandu. Lole ya zaka 20 yosamalidwa bwino imakwaniritsa miyezo yonse imene yatchulidwayi. Chimene miyezo imakana ndi kupereka galimoto yodwala poganiza kuti wolandirayo sadandaula.

Ndipo nthawi zambiri sadandauladi. Lamulo la Employment Act la 2000 limalola nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda chidziwitso. Munthu amene wafufuza ntchito kwa nthawi yaitali, m'boma lothinana anthu ngati Thyolo, sayamba tsiku loyamba ndi kuuza abwana kuti tayala latha. Amaopa kuoneka wovuta. Chowonjezera, madalaivala ambiri ongothandizira amalembedwa pamene ntchito yachuluka, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomwe tiyi wambiri wa chaka chonse amathyoledwa. Imeneyi ndi miyezi yomwe lole iliyonse imafunika pamsewu, galaja imakhala yodzaza, ndipo misewu ndi yamatope. Mwambo wozungulira lole ndi pepala umafupikitsidwa pa nthawi imene ukufunika kwambiri.

Pepala lolandirira lija limaonetsa phindu lake pakabuka mlandu. Lamulo la 2000 lomweli limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, ngakhale limawalola kudula pamalipiro ndalama zolipirira katundu amene wantchito wawononga. Limafunanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Funso loti kilatchi inapsa chifukwa cha kuyendetsa mosasamala kapena inali itatha kale silingayankhidwe popanda umboni wa tsiku loyamba. Milandu yotere ikalephera kuthera pakampani imapita ku ofesi ya zantchito ya boma, kenako ku khoti la Industrial Relations Court, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Labour Relations Act la 1996. Antchito a m'maesiteti ali ndi bungwe lowaimira lotchedwa Plantation and Agricultural Workers Union, limene mu 2016 linasainirana koyamba ndi Tea Association of Malawi mgwirizano wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito.

Udindo wa dalaivala umayamba akangosaina. Amayembekezeredwa kuizungulira lole m'mawa uliwonse, kulemba vuto lililonse m'logibuku, kusesa bodi akatsitsa katundu, ndi kusanyamula anthu kapena katundu wa matola panjira. Thumba limodzi la usipa wouma lokwezedwa pa Luchenza mongothandiza mnansi limasiya fungo limene lole imayenda nalo kwa masiku.

Malole a makampani ena ndi makontena

Si tiyi yense amene amanyamulidwa ndi galimoto za esiteti. Maulendo opita ku madoko nthawi zambiri amagwiridwa ndi makampani onyamula katundu, ndipo lole zawo zimabwera zitanyamula kale feteleza, simenti kapena mchere kuchokera ku Beira kudzera ku Tete ndi pachipata cha Mwanza. Pamenepa fakitale kapena malo osungira tiyi ndiwo amayang'ana galimoto pakhomo, ndipo ali ndi ufulu woibweza. Dalaivala watsopano amene wapatsidwa thilela popanda kuuzidwa chimene inanyamula ulendo watha amatha kuyenda mtunda wautali n'kukabwezedwa asanapakire thumba ngakhale limodzi.

Kontena imayang'anidwa mbali zonse: khoma lakutsogolo, makoma a m'mbali, pansi, denga, zitseko ndi kunsi kwake. Njira yakale yoonera mabowo ndi yosavuta. Munthu amalowa mkati, anzake n'kutseka zitseko, ndipo paliponse pamene kuwala kukulowa ndi pamene madzi a mvula kapena a m'nyanja adzalowere. Amanunkhizanso mpweya wa mkati zitseko zikangotsegulidwa, fungo lisanabalalike, n'kukhudza matabwa a pansi ngati ali onyowa. Tiyi amasanjidwa pamapaleti, kawirikawiri matumba 20 pa paleti imodzi yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo zitseko zikatsekedwa amamangapo chidindo chokhala ndi nambala imene imalembedwa pamapepala a ulendo. Dalaivala amayerekeza nambala ya pachitseko ndi ya papepala asananyamuke, chifukwa a kasitomu pamalire ndi olandira katundu kudoko adzachitanso chimodzimodzi.